Za Mubvi wa Makolo Athu: Mapangidwe Ace ndi Kutha Kwace

Pa cikondwerero conga ici mwambo wathu ndiwo kukumbukira amisyoni oyamba, ndi alaliki amene anayenda pansi m'midzi yakutali, ndi nyumba zopemphereramo zoyamba zija zofolera ndi udzu; ndipo kuli koyenera kutero. Koma anthu amene analandira Mau aja sanali anthu okhala manja lende. Anali alimi, osula, oumba mbiya, oomba nsaru ndi alenje; ndipo pamene A. C. Murray ndi T. C. B. Vlok anafika ku Mvera, m'dziko la mfumu Ciwere, m'mwezi wa November 1889, Mcewa ponyamuka ulendo sankasiya uta wace pakhomo. Lero mwa ana athu a m'kalasi muli ambiri amene sanagwirepo mubvi weni weni, angakhale amamva dzina lace kawiri kawiri powerengedwa Buku Lopatulika. Cifukwa cace tayesa nkwabwino kulemba m'buku lino za cida cimeneci, umo anacipangira makolo, umo anaciyesera, ndi umo cinathera pakati pathu.

Mubvi unayamba m'dziko muno citsulo cisanadze. Akafula, amene ena amawacha Abatwa, anali anthu osalima, akudya nyama ndi zipatso ndi uci. Ndipo nsonga za mibvi yao zinali za mafupa ndi timiyala tosema takuthwa. Timiyala totere ofukula zakale anatipeza m'mapanga a ku Congoni, kufupi ndi Dedza ndi misyoni ya Mphunzi, kumene kuli zithunzi zofiira pamatanthwe kufikira lero. Citsulo cinadza ndi alimi zaka zoposa 1,500 zapitazo, ndipo kuyambira pamenepo mubvi unakhala nchito ya manja ambiri. Pakuti usanafike m'dzanja la mlenje unayamba wapitira kwa wosungunula nthale ndi kwa wosula.

Osungunula ankamanga ng'anjo yao kutali ndi mudzi, ndi dothi la paculu, yaitali ngati msinkhu wa munthu kapena kupambana. M'menemo ankasanjika makala ndi nthale, ndiyo miyala ya citsulo, nayatsa moto wosazima usana ndi usiku. Zotsala za ng'anjo zimenezi zikuonekabe m'nkhalango ya Kasungu. Nchitoyi inali ndi miyambo yace yoopsa: amuna ankagona padera, akazi sankaloledwa kuyandikira, ndipo pansi pa ng'anjo ankakwirira mankhwala. Miyambo imeneyi Eklesia anaikana, ndipo anaikana ndi cifukwa. Koma tisasokoneze zinthu ziwiri. Cimene cinaturutsa citsulo m'mwala ndico kudziwa mwala woyenera, mtengo wa makala olimba, ndi mphepo yolowa bwino m'moto. Ndipo nzeru imeneyo sinali ya mdima. Gamitto, Mpwitikizi amene anapyola dziko la Amaravi mu 1831 pa ulendo wa kwa Kazembe, analemba za kusula kwao. Ndi David Livingstone, pokwera mtsinje wa Shire mu 1859, anapeza Amang'anja ali ndi ng'anjo ndi zipala m'midzi yambiri, akusula makasu, nkhwangwa, nthungo, singano ndi nsonga za mibvi.

Ku cipala wosula ankakhala pansi, mnyamata wace alikupukusa mvukuto wa cikopa ca mbuzi. Citsulo ca mubvi sicinali cacikuru, ndipo kawiri kawiri cinkacokera ku khasu lotha nchito. Pakuti citsulo cinali ca mtengo wapatali, ndipo palibe ankataya ngakhale kacidutswa. Wosula ankaciocha cifiire, nacisula pamwala, naphwatalitsa nsonga ngati tsamba, natambasula kumbuyo kwace kukhale mcira wautali wowonda wolowa m'mtengo. Atatha apo ankadula ngowe m'mbali ndi sompho wamng'ono, kuti citsulo cikalowa m'thupi la nyama cisaturuke. Apa mpamene padadziwikira mmisiri: nsonga ndi mcira ziyenera kukhala pa mzere umodzi. Zikapatukana pang'ono pokha, mphepo imagwira tsamba lija ndi kupotoza mubvi, ndipo palibe nthenga ingathe kuubweza.

Thupi la mubvi linali bango, lomwe lija la m'mbali mwa mitsinje ndi m'madambo. Silidulidwa nthawi ya dzinja likali laliwisi, koma m'cilimwe litakhwima. Ndipo wodula amasankha la mfundo zoyandikana, losabooledwa ndi tizirombo, lonenepa ngati cala caching'ono. Mabango ankawamanga mtolo pamodzi, kuti lina ligwire linzace pouma, nawatsomeka kudenga pamwamba pa moto, kumene utsi unkawaumitsa pang'ono pang'ono ndi kuingitsa anankafumbwe. Palibe bango lomera loongoka konse. Tsono mwini ankalitenga limodzi limodzi, nalithira diso kuyambira kuno kufikira uko, monga amacitira mmisiri wa matabwa. Ndipo poona popindika ankapawamba pamakala, osapserereza iai, koma kuti pafewe, napaongola ndi zala kapena pabondo, nagwiritsa kufikira patazizira. Bango limodzi likhoza kubwerera kumoto katatu kapena kanai. Ndipo lina limabwerera ku kupindika kwace m'mawa mwace, monga kuti lakumbukira kumene linamera. Lotero salimbana nalo. Amalipatsa ana aseweretse.

Kumbuyo kwa bango ankadula pafupi ndi mfundo, cifukwa mpamene pali polimba, nasema kamphanda kolowamo nsinga ya uta. Pamenepo ndi kutsogolo komwe ankakulunga ndi mitsempha ya nyama yonyowa, imene pouma imakoka ndi kumanga bango kuti lisang'ambike. Napakapo phula kapena utomoni kuti mame ndi mvula zisamasule.

Pali nzeru imodzi ya alenje a ku Shire imene Livingstone anaiona naifotokoza bwino m'buku la ulendo wace wa ku Zambezi, losindikizidwa mu 1865. Mubvi wa nyama zazikuru unali wa zigawo ziwiri. Citsulo ankacimangirira zolimba ku kamtengo kotalika mainci 10 kapena 12, ndipo mbali yina ya kamtengoko ankaisongola nailowetsa m'bango, osamanga konse. Munthu wosadziwa angayese kuti mmisiri anacita ulesi. Koma taganizani njati yolasidwa ikuthamanga m'chire: mubvi ukadakhala cinthu cimodzi, bango lalitali lija likadakola m'zitsamba ndi kuzula citsulo. Tsono popeza silinamangidwe, bango limagwa lokha, citsulo ndi kamtengo zitsala m'bala. Ndipo mlenje amatola bango lace panjira, nadziwa kuti walasa, naona ndi magazi ali pamenepo ngati bala liri lakuya.

Nthenga zinali za nkhanga, kapena za mbalame zazikuru monga muimba ndi ciombankhanga. Wodziwa amatenga nthenga za phiko limodzi pa mubvi umodzi, cifukwa nthenga za kumanja zimapindikira kwina ndi za kumanzere kwina. Zikasakanizidwa zimalimbana, koma zikagwirizana zimazunguza mubvi pouluka, ndipo mubvi wozungulira suphonya njira yace msanga. Nthenga zikacuruka mubvi umaongoka koma umatopa, nugwa usanafike. Zikacepa umathamanga koma mcira wace umabvina. Muyeso wace sunalembedwe pena pali ponse; unali m'maso ndi m'zala.

Mubvi ukatha kumangidwa, nchito inali isanathe. Mwini ankauika pacala kufuna polingana kulemera kwace, ndipo poyenera mpatsogolo pang'ono pa pakati, kuti mutu utsogolere ndi mcira utsate. Ankauimika nsonga pacikhatho kapena pamtengo naupota ndi zala. Woongoka umazungulira cete, koma wokhota umagwedeza mutu, ndipo dzanja limamva cimene diso linalephera kuona. Potsiriza ankapita nao kuculu kapena ku thunthu la nthoci, naponya kawiri katatu, nayang'ana umo waimira: ngati walowa coongoka, kapena mcira wapendekera kumbali.

Cifukwa cace ca kuyesa kumeneku cadziwika bwino masiku ano, pamene anthu ajambula mubvi ndi makina ogwira zinthu zothamanga. Aona kuti pocoka pa uta mubvi suuluka ngati ndodo youma. Nsinga imakankha kumbuyo mwadzidzidzi, mutu wolemera ukali cikhalire, ndipo bango limayamba lapindika, nilipita likupindikira uku ndi uku monga nsomba posambira, kufikira nthenga zitaligwira. Bango lofewa pa uta wolimba limapindika kopambana. Bango louma gwa pa uta wofewa silipindika mokwanira kulambalala uta. Ndipo onse awiri amaphonya, wina mbali iyi, wina mbali iyo. Kulemeza mutu kumafewetsa mubvi, kufupikitsa bango kumaulimbitsa. Makolo athu sanaone zithunzi zimenezi, koma anadziwa kuti uta uli wonse uli ndi mibvi yace, ndi kuti mubvi wobwereka kwa mnzako sukumvera. Mubvi wopendekera ankaudula pang'ono, kapena kusintha citsulo cace, kapena kumeta nthenga, nauyesanso. Ndipo mlenje wa mibvi khumi ankadziwa khalidwe la uli wonse monga mbusa adziwa mbuzi zace. Anyamata ankayambira pa mibvi ya mutu wa mtengo wosasongoka, yophera njiwa ndi mbalame zina, imene siikanirira m'nthambi ndiponso siiononga nyama.

Kudziwa mubvi wako kunalinso nkhani ya mlandu. Pa uzimba, pamene amuna a midzi ingapo ankaturuka pamodzi ndi agaru m'nyengo yoocha chire, nyama imodzi inkatha kugwa ndi mibvi itatu m'thupi. Mwambo unali wakuti mwini nyama ndiye woyamba kulasa, wotsiriza nalandira gawo lace, ndi mfumu mwini dziko gawo lacenso. Cotero munthu ali yense ankazindikira mubvi wace ndi masulidwe a ngowe, kapena mamangidwe a nthenga, kapena timizere toocha pabango. Ndipo akulu poweruza ankayang'ana zimenezi.

Tsono tinene za kombe. Bango ndi kacitsulo sizingagwetse njati ndi mphamvu yao yokha. Cimene cinkagwetsa ndiwo ulembe wopakidwa pa kamtengo kaja, kumbuyo kwa citsulo. Amang'anja ankautenga ku mbeu za kombe, comera coyanga m'mitengo yaitali ya ku cigwa ca Shire, ca zipatso ziwiri ziwiri zonga nyanga.  Mlenje ankakwawa kufikira pafupi, naponya, natsata mapazi mosafulumira kufikira nyama itagwa. Pamenepo ankadula nyama yozungulira bala naitaya, yotsalayo nadya popanda bvuto. Njobvu ndi mvuu zokha ndizo sizinkagwa nao, popeza ulembe wokwana pa mubvi umodzi unali wocepa pa matupi otere.

Pa ulendo uja wa Livingstone panali sing'anga, Dr. John Kirk, amene ankasonkhanitsa zomera. Tsiku lina anatsuka mano ndi mswaci umene unakhala m'thumba limodzi ndi kombe pang'ono. Anamva kuwawa m'kamwa, nayesa ndi kwinini. Koma anazindikira kuti mtima wace, umene unali kugunda msanga cifukwa ca cimfine, wayamba kugunda pang'ono pang'ono. Mbeu ndi mibvi zinatumizidwa ku Ulaya. Mu 1871 comeraco cinalembedwa m'mabuku a ophunzira ndi dzina lakuti Strophanthus kombe, ndiko kuti dzina la Cimang'anja linalowa m'Cilatini. Ndipo Thomas Fraser wa ku Edinburgh, ataciyesa zaka zambiri, anauza asing'anga anzace mu 1885 kuti muyeso wocepa wa ulembewo uthandiza mtima wofoka. John Buchanan, amene anadza ku misyoni ya Blantyre mu 1876 monga wosamala munda, nakakhala pambuyo pace ku Zomba, anali mmodzi wa otumiza mbeuzo; ndipo African Lakes Company inayamba kugula kombe kwa anthu a m'midzi ndi kumtumiza kunja. Cotero cimene cinkaimitsa mtima wa njati ku Cikwawa cinakacirikiza mitima ya odwala ku London ndi ku Berlin zaka makumi angapo, kufikira mankhwala ena atalowa m'malo mwace. Maina a Kirk ndi Fraser alembedwa, ndipo ayenera. Koma alenje amene anayamba kudziwa mphamvu ya comeraco, ndi muyeso wace, ndi kuti nyama yace idyeka, analandira mtengo wa mbeu wokha.

Nanga cida cokoma cotere cinatha bwanji? Coyamba kucicepsa cinali cishango. Angoni a Zwangendaba anaoloka Zambezi mu November 1835, tsiku limene dzuwa linada; ndipo a Maseko, atazungulira kwina, anadzakhazikika ku Domwe ca m'ma 1870. Nkhondo yao inali yacilendo. Acewa anazolowera kuponyerana mibvi ali patali. Koma Angoni ankadza mothithikana, yense atabisala kuseri kwa cishango ca cikopa ca ng'ombe, nathamangira kudzagwirana pafupi ndi nthungo yaifupi ndi cibonga. Mubvi wa bango unkatsakamira m'cikopa, ndipo ulembe, umene ufuna nthawi kuti ugwire, sukanatha kuimitsa munthu wofika kale pamaso pako. Cifukwa cace anthu anamanga malinga, ena nakwera m'mapiri, kumene mubvi ndi mwala zocokera pamwamba zinali ndi mphamvu. Anthu a Mazengera anakhala cotero pa phiri la Nkhoma, akulima m'mipata ya matanthwe. Ndipo anali komweko pamene misyoni inamangidwa patsinde pa phirilo mu 1896.

Caciwiri cinali mfuti. Amalonda a Ciyao, ndi Aluya a Jumbe ku Nkhotakota, ndi Acikunda a ku Zambezi anabwera ndi gogodera ndi onga, kusinthana ndi minyanga ndi akapolo. Kunena zoona, pa gwape kapena mbawala gogodera sanapambane uta: ngwocedwa kuthira, amakana m'mvula, ndipo kulira kwace kumabalalitsa nyama zonse za m'dambo. Koma amapha njobvu, ndipo cuma ca masiku amenewo cinali m'nyanga za njobvu. Cotero mnyamata wofuna kuchuka anayamba kukhumba mfuti ndi kupeputsa uta wa atsibweni ace.

Cacitatu cinali Boma ndi sitolo. Dziko litalowa m'manja mwa Angerezi mu 1891, malamulo a nyama anayamba. Mu 1897 dambo lalikuru la ku Shire lochedwa Elephant Marsh linatsekedwa, ndipo lamulo la m'zaka za 1926 ndi 1927 linapanikiza kwambiri kusaka kwa anthu a m'midzi. Amisyoni ena analitsutsa lamulolo poyera, poona kuti nguluwe ndi njobvu zikutha minda ya anthu amene aletsedwa kudziteteza. Nthawi yomweyo msonkho unaturutsa anyamata kunka ku minda ya Azungu, ku Harare ndi ku Joni, pa msinkhu womwe uja akadakhala ku cipala ndi kuchire pamodzi ndi akulu. Makasu a m'sitolo anacuruka, ndipo pofika ca m'ma 1930 ng'anjo zinali zitazima. Osula anatsala, koma akusula zidutswa za zitsulo za Azungu. Tiyeneranso kubvomera kuti sukulu zathu zinatengako mbali. Pakuti mwana wokhala m'kalasi m'mawa, ndi kuphunzira ukalipentala kapena kuumba njerwa madzulo, sanapeze nthawi yoongola bango, ndipo panali aphunzitsi ena amene anayesa ciri conse ca kumudzi cikunja.

Koma angakhale cida cinatha, mau ace anasungidwa, ndipo anasungidwa m'malo olemekezeka. W. H. Murray ndi anzace, Azungu ndi eni cinenero, pomasulira Buku Lopatulika, nchito imene inatha mu 1919 nisindikizidwa mu 1922, sanasowe mau a zinthu izi monga anasowera a zinthu zina; uta, nsinga, mubvi ndi phodo anazipeza ziri m'kamwa mwa anthu. Ngakhale cizindikiro ca pangano la Nowa cinali ndi dzina lace kale, ndilo utawaleza. Ndipo alipo akulu amene amamasulira dzina lakuti Cauta kucokera ku uta womwewo. Akristu oyamba pomva Yobu, pa mutu 6, akudandaula za mibvi ya ulembe yomlasa, sanafune wowamasulira. Anadziwa kuti bala lotere limaoneka laling'ono kunja pamene mphamvu ikutha m'kati. Pomva za cikopa cozima mibvi pa Aefeso 6, ena a iwo anali ataona ndi maso ao mibvi yao ikutsakamira m'zishango za Angoni, ndipo ena anali Angoni amene anagwira zishangozo. Tsopano anakhala pa mphasa imodzi.

Inu alaliki ndi aphunzitsi a kalasi, malo amene afuna kusamala koposa ndiwo Yesaya 49, pamene Mtumiki wa Yehova afanizidwa ndi mubvi wotuulidwa wobisika m'phodo, ndi Salmo 127, pamene ana afanizidwa ndi mibvi ya ngwazi. Mwana wa lero akamva mubvi aganiza za kuthwa ndi kupha kokha. Koma agogo ace pomva mau omwewo ankaona bango losankhidwa pakati pa mazana, lokhala miyezi kudenga mu utsi, lobwerera kumoto kufikira litaongoka, loyesedwa paculu ndi kukonzedwanso, ndipo potsiriza losungidwa m'phodo masiku ambiri osaponyedwa, cifukwa mlenje sataya mubvi wace wabwino pa kalulu. Zonsezi ziri m'kati mwa fanizolo, ndipo mphunzitsi wosazidziwa adzapereka theka lokha. Ngati m'mudzi mwanu mukali nkhalamba yodziwa kumanga nthenga, muiitane tsiku lina idzaonetse ana. Sikudzakhala kubwerera ku cikunja. Mwambi uja wakuti mubvi woyang'anira sucedwa kulowa m'maso ukali kunenedwa m'mabwalo a milandu ndi m'misonkhano ya akulu a mpingo, ndi anthu amene sanauonepo mubvi ukudza.

Lero nyama zazikuru zatsala m'nkhalango zosungidwa, monga Kasungu, Nkhotakota, Liwonde ndi Lengwe, ndipo lamulo la dziko liletsa kuzisaka m'menemo, kaya ndi mfuti kaya ndi uta. Anyamata oweta mbuzi asinthanitsa uta ndi legeni ya mphira, ngakhale pena ndi pena mudzaona wina atasongola msomali kapena sipoko ya njinga naitsomeka m'bango, kuti alase mbalame kapena nsomba m'madzi osaya. Kombe akali kuyanga m'mitengo ya ku cigwa ca Shire, ndi bango likali kumera m'mbali mwa Linthipe, kumene tsopano amalidula kukaluka mphasa.